Funsani Amalume: Kodi makompyuta nawonso amanenerera mtengo ngati pa Soweto?

Mwezi uno makalata abwera pa nkhani imodzimodzi ngati munachita kupangana, mwina ndi timavidiyo ta pa TikTok tija tazunguza anthu mitu. Ndasankhapo asanu. Amene munafunsa za foni yotentha pa chaja mudikire mwezi wamawa, koma pakadali pano musaigoneke pansi pa pilo.

Amalume, ine ndine mayi wa ku Chilenje. Mwana wanga wachisamba ali chaka chomaliza pa UNZA, achita za makompyuta. Tsiku lina namufunsa kuti pulojekiti yako ni ya chani, ati amama nilemba malamulo a mmene ma ejenti akambirana na kukopana. Ine nimaganiza akamba ma ejenti a mobile money a mu tumabuthi tuja, ati iyayi ni mapulogalamu chabe. Manje ine navutika zaka zonsezi na mafizi kuti mwana azikaphunzitsa makompyuta kukangana? Nithandizeni, mwina mwana anganamize ine.
Mayi wodandaula, Chilenje

Amayi, khazikani mtima pansi, mwana sakunama. Ejenti amene akunenayo ndi pulogalamu imene mwaituma kuti ikachite zinthu m'malo mwanu, ikakumane ndi pulogalamu ya munthu wina ndi kugwirizana nayo kanthu. Kwathu kum'mawa tili nalo kale dzina la munthu wotere, ndi nkhoswe. Banja la mnyamata silipita lonse kukayankhula kuchikazi, limatuma munthu, ndipo munthuyo amadziwa zoti anene, zoti asanene, ndi pamene ayenera kuti "izi ndikafunse kaye eni ake". Vuto la kompyuta ndi lakuti ilibe manyazi, ilibe ulemu, siitopa, ndiye zonse zimene nkhoswe amadziwa chifukwa anakulira pamudzi zimayenera kulembedwa chimodzichimodzi mpaka kukhala ngati masamu. Ntchito ya mwana wanu ndi imeneyo.

Nkhaniyi siyinayambe ndi ChatGPT ayi. Mu 1970 munthu wina wa ku Australia, Charles Hamblin, anabwera ndi ganizo lakuti mtsutso tiziutenga ngati masewera okhala ndi malamulo, ndipo aliyense wotsutsana akhale ndi chimene anachitcha commitment store. Ine ndimachitcha kabuku ka nkhongole, ngati kaja ka pa kantemba kolembamo shuga ndi kandulo. Chilichonse chimene wanena kapena wavomera chimalowa m'kabuku kako, mnzako akukaona, ndipo sungadzuke mphindi khumi kutsogolo nkumati ine sindinanene zimenezo. Ukafuna kusintha maganizo uyenera kunena poyera kuti ndabweza mawu, ndiye afufute.

Mawu ololedwa amakhala ochepa kwambiri. Henry Prakken wa ku yunivesite ya Utrecht ku Netherlands, amene walemba zambiri pa nkhaniyi, amagwiritsa ntchito timawu tongowerengeka: kunena, kufunsa chifukwa, kupereka chifukwa, kuvomera, kubweza mawu. Tiyerekeze kuti ma ejenti awiri a kampani ya mabasi akukangana ngati basi ina inyamuke pa Intercity kupita ku Chipata:

Woyamba: Ndikunena kuti basi iyi ili bwino, ipite.
Wachiwiri: Chifukwa?
Woyamba: Chifukwa matayala onse ndi atsopano.
Wachiwiri: Ndavomera kuti matayala ndi atsopano. Koma ndikunena kuti siili bwino, chifukwa mabuleki anavuta dzulo.
Woyamba: Chifukwa chiyani ukuti anavuta?
Wachiwiri: Chifukwa dalaivala analemba mu lipoti kuti anamva kulira potsetsereka ku Luangwa.
Woyamba: Ndabweza mawu anga oyamba.

Basi, nkhani yatha, basi ipita ku galaja. Taonani kuti wachiwiri wavomera za matayala koma sanagonje pa mutu wankhani, ndipo woyamba atafunsidwa "chifukwa?" analibe mwayi wongokhala duu kapena kuyamba za mpira, lamulo likuti wafunsidwa chifukwa, pereka kapena bweza. Palinso lamulo loletsa kuzungulira, loti usamati basi ili bwino chifukwa ilibe vuto ndipo ilibe vuto chifukwa ili bwino, Jim Mackenzie analilemba mwadongosolo mu 1979. Nthawi zina ndikakhala pa msonkhano wa chilimba ndimalakalaka malamulo amenewa titawapachika pakhoma.

Ndiye mafizi anu sanapite m'madzi. Mumufunse mwana akuonetseni kabuku ka nkhongole ka ma ejenti ake pa sikirini, mudzamvetsa msanga kuposa alekichala ena.

Ba Malume, ine nigulitsa tomato pa Soweto Market, nipikula ku alimi obwera na ma Canter kuseni-seni. Namvela ati kubwera makina amene azayamba kukamba mtengo m'malo mwa anthu. Makina angadziwe bwanji kuti kasitomala uyu achita chabe monga ayenda koma azabwera? Angadziwe mbasela?
Mayi wa tomato, Soweto

Amayi, funso lanu ndalikonda kuposa onse, chifukwa zimene akatswiri anazilemba ndi zilembo za Chigiriki inu mumazichita tsiku ndi tsiku musanamwe ndi tiyi yemwe.

Tiyambe ndi manambala awiri obisika. Tiyerekeze bokosi mukulitchula K300, koma mumtima mukudziwa kuti pansi pa K240 simungagulitse chifukwa pali ndalama yopikulira, wa wilibala, ndi kena ka nsima kunyumba. Wogula akuyambira K200 koma m'thumba mwake wakonzeka kufika K270. Pakati pa 240 ndi 270 ndi pamene pali mgwirizano, ndipo mkangano wonse uja wa "nichoselenikoni amayi" ndi "awe mwana wanga, napikula modula" ndi wofuna kudziwa kuti K30 imeneyo idyedwa ndi ndani. Ngati malire anu ali pamwamba pa malire ake, olo mukambirane mpaka dzuwa kulowa palibe chituluke. Ejenti wa pa kompyuta amayamba ndi zomwezi, mwini wake amamuuza malire, iye amawabisa, nkumayesa kuganizira malire a mnzake poona mmene akutsikira.

Dongosolo lodziwika kwambiri ndi losinthana: ine nditchule, iwe uvomere kapena utchule wako kapena uchoke, kenaka ine. Katswiri wa zachuma Ariel Rubinstein analisanthula mu 1982 ndipo anapeza chinthu chimene inu simungadabwe nacho, kuti amene nthawi ikumupweteka kwambiri ndi amene amalandira kochepa. Tomato wa 06:00 ndi tomato wa 16:00 sakhala ndi mtengo umodzi, osati chifukwa wogula wachenjera masana, koma chifukwa inu mukudziwa kuti mawa afewa ndipo wogula akudziwa kuti mukudziwa. Wogulitsa malata ku Kamwala alibe vuto limenelo, malata saola, nchifukwa chake amakuyang'anani ndi diso louma mukamachoka.

Opanga ma ejenti anafika popereka maina ku makhalidwe a kunenerera. Pali wotchedwa Boulware, wouma mtima, amene amakakamira pa mtengo wake mpaka nthawi itatsala pang'ono kutha ndiye nkutsika kamodzi, dzinali analitenga kwa Lemuel Boulware, bwana wa ku General Electric ku America amene ankadziwika ndi kupatsa mabungwe a antchito mawu amodzi osasintha. Pali Conceder, wofewa, amene amatsika msangamsanga poyamba penipeni. Palinso wobwezera, ukatsika K10 nayenso atsika K10, ukauma naye auma. Kuyambira mu 2010 pamachitika mpikisano wa padziko lonse wotchedwa ANAC, kumene mayunivesite amabweretsa ma ejenti awo kuti anenererane, ndipo mwa zimene zinaoneka m'zaka zoyambirira ndi kuti ouma mtima odikira mphindi yomaliza ankapambana kawirikawiri. Koma mukaika ouma awiri pamodzi nthawi ikhoza kuwathera onse opanda kanthu. Inu mukuwadziwa amayi aja amene amabwerera kunyumba ndi mabokosi awo.

Za kasitomala wochita ngati akupita, makina sangaone kuti phazi lake likuyenda koma khosi likadali kwa tomato. Chimene angachite ndi kuwerenga, ngati ali ndi mbiri ya anthu ambirimbiri amene anati ndapita nkubwerera, amaika mwayi pa nambala. Inu mumaona nkhope, iye amaona kaundula. Pa kasitomala mmodzi amene mwamudziwa zaka zisanu ine ndingabetche pa inu.

Mbasela ndiye nkhani yokoma. M'mabuku awo amati kukambirana pa zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo ndi pamene makina amachita bwino kwenikweni. Mtengo wokha ndi kukokana chingwe, wina akapeza wina wataya. Koma mukaikapo zina, monga alipira lero kapena Lachisanu, atenga mabokosi angati, abweranso mawa kapena ayi, mumuonjezerapo tomato asanu ofewa amene kwa inu ndi otsala koma kwa iye ndi supu wa madzulo, pamenepo onse awiri mukhoza kuchoka mutapindula. Kampani ya Walmart ku America yakhala ikugwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ina yotchedwa Pactum kukambirana ndi ogulitsa katundu ang'onoang'ono, ndipo zimene imasinthanitsa ndi zomwezi, tikulipira msanga iwe utichotsereko, kapena kontilakiti italike mtengo utsike.

Kumene makina alanda kale msika ndi kumene kulibe nthawi yopatsana moni. Mukatsegula tsamba pa intaneti, kamalo ka adivati kamene mukuona kamagulitsidwa pa okushoni pakati pa mapulogalamu m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi, tsamba lisanamalize nkutseguka komwe. Pa Soweto pamene wogula amafinya tomato ndi chala nkufunsa za ana kunyumba, sindikuona makina akukuchotsani posachedwa. Chimene ndingakuchenjezeni ndi ma app amene amangokuuzani mtengo mvula ikagwa nkuti tengani kapena siyani. Kumeneko si kukambirana, musanamizidwe ndi dzina.

Malume, is it true kuti Facebook inazimya ma robot ake chifukwa anayamba kukamba chilankhulo chao chachinsinsi? Anzanga pa gulupu ya WhatsApp akuti ni chizindikiro cha masiku otsiriza.
Mnyamata wa ku Kalingalinga

Mphwanga, gulupu imeneyo uichepetse. Zinachitikadi mu 2017 koma sizinali choncho. Ofufuza a Facebook anapanga mapulogalamu awiri oti azigawana mabuku, zipewa ndi mipira, chilichonse chili ndi mapointi osiyana kwa aliyense. Anawapatsa mphotho akagawana mopindula, koma sanaike mphotho yoyankhula Chingerezi chomveka, ndiye mapulogalamuwo anayamba kubwereza timawu tomwetomweto kangapo, zooneka ngati zamisala kwa munthu koma zogwira ntchito kwa iwo. Ofufuzawo ankafuna pulogalamu yoti izikambirana ndi anthu, choncho anasintha maphunzitsidwe kuti ibwerere ku Chingerezi. Palibe amene anathawa mu ofesi.

Chimene chinayenera kukudabwitsa pa kafukufukuyo anzako sanachitchule. Mapulogalamuwo anaphunzira okha, popanda wowauza, kunamizira kufuna chinthu chimene alibe nacho ntchito, kuti kenaka "agonje" pa icho nkuoneka ngati apereka nsembe, atenge chimene ankafuna kuyambira pachiyambi. Aliyense amene anagulako salaula amaidziwa njira imeneyo.

Amalume, ine ndine mkulu wa mpingo ku Matero ndipo kawirikawiri ndimatumidwa unkhoswe. Ndinawerenga penapake kuti akatswiri amasiyanitsa kukopa munthu ndi kukambirana naye mgwirizano. Kwa ine ndi chimodzimodzi, zonse ndi kufewetsa mtima wa munthu. Kusiyana kuli pati?
Nkhoswe wa ku Matero

Abambo, ndi ulemu wonse, apa ndikutsutsani pang'ono, ndipo ndikhulupirira mukaganizira milandu imene mwakhalapo muona kuti mumasiyanitsa kale, kungoti simunazipatse maina.

Mu 1995 Douglas Walton wa ku Canada ndi Erik Krabbe wa ku Netherlands anagawa zokambirana m'mitundu isanu ndi umodzi potengera poyambira ndi cholinga. Pali kufunsa chimene mnzako akudziwa iwe sukudziwa, pali kufufuzira limodzi chimene nonse simukudziwa, pali kupangana chochita, pali kukangana kongotulutsa mkwiyo, ndiye pali ziwiri zanuzi. Kukopa kumayamba pamene awiri asiyana maganizo pa chimene chili choona, ndipo kumatha wina akavomera chifukwa cha zifukwa. Kukambirana mgwirizano kumayamba pamene awiri akufuna zinthu zosakwanira onse, ndipo kumatha akagawana, olo aliyense atachoka ndi maganizo ake akale.

Pa unkhoswe zimaoneka chonchi. Funso lakuti kodi mkamwini anam'menyadi mkazi wake ndi la choona, limafuna mboni ndi zifukwa, silingathe ndi kukumana pakati, palibe kumenya kwa theka. Funso lakuti apereke mbuzi kapena nkhuku ziwiri ndi la mgwirizano, kumeneko kutsika ndi kukwera nkololedwa. Choipa chimabwera pamene wina walumpha kuchoka kwina kupita kwina mwakachetechete. Mukufunsa ngati anamenya, amalume ake akuti "tiyeni tingowonjezera ndalama nkhaniyi ithe". Walton ndi Krabbe ankakutcha kusuntha kosaloledwa, ndipo ziphuphu ndi ziopsezo zambiri zimalowera pakhomo limeneli, munthu wasowa chifukwa ndiye watulutsa chikwama kapena chibakera. Mu ma ejenti a pa kompyuta amachita kulemba kuti muli m'kati mwa mtundu uti, ndipo kusintha mtundu kumafuna onse awiri avomere.

Koma sikuti ziwirizi sizithandizana. Mu 1998 Simon Parsons, Carles Sierra ndi Nick Jennings anapereka chitsanzo chimene ophunzira amachidziwa mpaka lero. Ejenti wina akufuna kupachika chithunzi, ali ndi hamala, sikuluwu ndi sikuludalaivala koma alibe msomali. Mnzake akufuna kupachika galasi, ali ndi msomali umodzi koma alibe hamala. Akangonenerera, "ndipatse msomali", "ayi", nkhani yafera pomwepo. Koma wachiwiri akanena chifukwa chake, kuti msomali ndikuufunira galasi, woyamba akhoza kumuuza kuti galasi limapachikikanso ndi sikuluwu, tenga izi undipatse msomali. Onse apachika. Chinatsegula njira ndi funso lakuti ukuufuniranji, limene nkhoswe wabwino aliyense amalifunsa. Mabanja angati akanganirana ndalama ya chimalo masabata atatu, kenaka nkutulukira kuti akuchikazi chimene akufuna si ndalama koma kuti akuchimuna abwere okha adzakhale pansi?

Popeza mumakonda milandu ndikuonjezereni kena. Mu 1995 momwemo Phan Minh Dung, amene ankaphunzitsa ku Asian Institute of Technology ku Thailand, anaonetsa njira yodziwira mfundo zimene zatsala chilili pambuyo pa mtsutso, osayang'ana nkomwe za m'kati mwa mfundozo, kungoyang'ana kuti iti ikugwetsa iti. Azakhali akuti ukwati uchitike mu Disembala chifukwa ana onse ali pa holide. Amalume akuti ayi, Disembala ndi mvula, msewu wa kumudzi kuseri kwa Katete sudutsika. Apa mfundo ya azakhali yagwa. Koma mlongo wa mkwati akuti ukwati tinagwirizana kuti uchitikira mu holo kuno ku Lusaka, ndipo palibe womutsutsa. Mfundo ya amalume yagwa, ndiye ya azakhali yadzukanso, osati chifukwa iwo anayankha koma chifukwa wina wawatchinjiriza. Pa mfundo zitatu mutha kuchita m'mutu, pa mfundo mazana atatu mpamene kompyuta imathandiza. Nanga ziwiri zikamagwetsana zokhazokha popanda yachitatu? Njira ya Dung ili ndi mayankho awiri, wosamala amati tisatenge iliyonse, wolimba mtima amati mbali zonse ziwiri nzotheka, sankhani. Masamu sakusankhirani pamenepo, mpamene pamafunika munthu wa imvi ngati inu.

Ndisaiwale, kukopa anthu enieni makina sanakufikepo bwino nthawi imene kampani ya makompyuta ya IBM inayesa. Mu February 2019 ku San Francisco pulogalamu yawo ya Project Debater inatsutsana ndi katswiri wa mitsutso Harish Natarajan pa nkhani yoti boma lizithandiza sukulu za mkaka ndi ndalama. Pulogalamuyo inali ndi maumboni ochuluka, koma anthu ambiri amene anasintha maganizo m'holomo anasinthira kwa Natarajan. Kuyambira nthawi imeneyo ma chatbot, mapulogalamu ocheza ndi munthu monga ChatGPT, apita patsogolo kwambiri pa lilime, ndipo kwa ine chimenecho ndi chifukwa chowaopera, osati chowakhulupirira.

Amalume, nili na ka bizinesi ka ma spare a galimoto, ni oda ku Dubai na ku South Africa. Mwana wa mlongo wanga akuti aniikire AI pa WhatsApp iziyankha makasitomala na kukamba nao mitengo usiku nikagona. Funso yanga ni iyi, ngati yanama kapena yavomera mtengo wopusa, mlandu ni wa ndani? Ndipo nizadziwa bwanji kuti AI ya supplier siyinginamiza ine?
Wa ma spare, town

Achimwene, kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwambi umenewu uikeni pamwamba pa kauntala musanalole mphwanuyo kugwira foni.

Za kunama ndiyambe ndi mbiri pang'ono chifukwa akatswiri anagwa m'dzenje lomweli. Mu 1996 kunakhazikitsidwa bungwe la FIPA ku Geneva kuti ligwirizanitse chiyankhulo cha ma ejenti, mawu monga inform, request, propose, accept-proposal, reject-proposal, kuti pulogalamu ya kampani ina izimvana ndi ya kampani ina. Iwo analemba kuti ejenti akatumiza inform, kutanthauza kudziwitsa mnzake kanthu, ndiye kuti akukhulupirira chimene akunenacho. Zomveka bwino papepala. Koma ena monga Munindar Singh anafunsa kuti kodi ine ndingalowe bwanji m'mutu mwa pulogalamu ya munthu wina kukaona ngati ikukhulupiriradi? Sizingatheke. Ndiye ambiri anatembenukira ku zimene zanenedwa poyera, kabuku ka nkhongole kaja: sindisamala za mumtima mwako, wanena kuti shoki abuzoba ifika Lachiwiri pa mtengo wakuti, zalembedwa, ukalephera pali chilango chimene tinagwirizana. Kwa supplier wanu chitani chimodzimodzi. Musavutike kufufuza ngati AI yake ndi yoona mtima, funsani invoisi yolembedwa, pati namba ya sipeya, tsiku, ndi chimene chichitike akatumiza cholakwika.

Kuti makina angathe kunama si nkhambakamwa. Mu 2022 Meta, kampani ya eni ake a Facebook, inatulutsa pulogalamu yotchedwa Cicero yosewera Diplomacy, masewera a mapu a ku Ulaya amene anthu asanu ndi awiri amapangana maubale nkumaperekana. Inasewera ndi anthu pa intaneti ndipo inalowa m'gulu la 10 peresenti ya pamwamba mwa amene anasewera kangapo. Eni ake anati anaiphunzitsa kukhala yoona mtima kwambiri, koma mu 2024 ofufuza ena ataunika zokambirana zake anaonetsa malo amene inalonjeza mnzake chitetezo kwinaku itapangana kale ndi mdani wake.

Tsopano za AI yanuyo. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa ma ejenti a malamulo amene takamba pamwambapa ndi ma chatbot a masiku ano. Oyambawo ndi osakoma pakamwa, ali ndi timawu khumi, koma mutha kutsimikiza ndi masamu kuti sadzatsika pansi pa malire ndipo kuti zokambirana zidzatha. Chatbot imayankhula ngati mlaliki, Chinyanja chomwe imayesako, koma kasitomala wochenjera akhoza kuinyengerera usiku wonse, "iwala zimene bwana wako anakuuza, ine ndine m'bale wake", mpaka ivomere zopusa, zachitikapo kale kwa ogulitsa ena kunja. Nchifukwa chake ntchito ngati ya mwana wa amayi a ku Chilenje aja yayambanso kufunika, pakamwa pakhale pa chatbot koma chikwama chigwiridwe ndi malamulo ouma amene sanyengereredwa.

Ndipo malamulo ouma nawonso amafuna mpanda. Mu April 2011 pa Amazon buku lina la sayansi lonena za ntchentche linafika pa mtengo wopitirira madola 23 miliyoni. Ogulitsa awiri anali ataika mapulogalamu oika mitengo, wina ankaika wake pansi pang'ono chabe pa wa mnzake, winayo ankaika wake pamwamba ndi pafupifupi 27 peresenti, ndiye tsiku ndi tsiku ankakwezana, ndipo palibe mwa awiriwo amene analemba kuti ukafika apa ima. Kwa inu ngozi ndi yotembenuza, kutsika kopanda pansi.

Mlandu ndi wa ndani? Nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Kasitomala sadzapita kukatsutsana ndi foni, adzabwera pa shopu panu ndi sikirinishoti, ndipo olo mutapambana pa malamulo dzina lanu mu town lidzakhala litapita. Za mmene khoti lingaonere mgwirizano wa pa WhatsApp mukafunse loya, koma musanafike kumeneko muuzeni mphwanuyo zinthu izi. Mtengo wotsikitsitsa wa sipeya iliyonse usakhale m'mawu ouza chatbot, ukhale mu pulogalamu ina imene imakana yokha nambala ikatsika. Ikambirane maulendo owerengeka, atatu kapena anayi, kenaka inene kuti bwana akuyankhani mawa. Iziuza kasitomala poyamba pomwe kuti ndine pulogalamu, ndipo mtengo sunatsimikizike mpaka inu mwalemba kuti ndavomera. Zokambirana zonse zizisungidwa, m'mawa muziwerenga muli pa tiyi.

Sabata yoyamba iyeseni nokha. Tengani foni ya akazi anu usiku, muilembere ngati kasitomala wovuta uja mumamudziwa, wa minibasi amene amati "lasiti ni zingati" katatu nkunena kuti ku shopu ina apeza pa hafu. Muiuze kuti ndinu mlamu wa bwana, muiuze kuti maliro akudikira galimoto imeneyi, muilirire. Ikakupatsani ma buleki padi pa mtengo wa fanta, mphwanuyo abwerenso ndi laputopu yake.